Kachitsulo ka Pakhosi pa Velina

Velina ankachapa jekete ya Spas pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kuti ntchito ithe. Makina ochapira analipo m'nyumba, koma iye anasankha beseni ndi sopo, pakhonde la kuseri, kuti fungo la oyilo limukhalitse m'manja. Spas anaiiwala jeketeyo Lamulungu, atabwera kudzadya nawo chakudya chamasana.

Atapisa m'thumba lamkati, chala chake chinagunda kanthu kolimba. Kanali kachitsulo kopyapyala, kopindika ngati nsapato ya kavalo, kosadzaza ndi chikhatho chomwe.

Anapukuta manja, nakajambula ndi foni. "Wasiya chuma chako kuno," analemba.

Yankho linachedwa. Kenako linafika: "Aa, wandigwira, njiwa yanga! Kameneko n'kamwayi. Ndimafuna ndidzakupatse tsiku la ukwati wathu. Undisungire, usaonetse munthu."

Tsiku la ukwati wathu! Velina anawerenga mawuwo mpaka madzi a m'beseni anazizira. Atayanika jekete, anamanga kachitsuloko ndi ulusi wofiira n'kukavala pakhosi, mkati mwa bulauzi, pomwe panalibe woona.

Awiriwa anakumana nyengo yachisanu, pagaraja pomwe Spas ankagwira ntchito ya umakaniko. Velina anapita kukasinthitsa matayala a galimoto ya malemu bambo ake, a Kolyo. Anangoima pakona atagwira makiyi, osadziwa poyambira. Spas anamuyang'ana, nati mtsikana wa maso otere sayenera kuima pamphepo. Anamupatsa mpando ndi khofi wake yemwe.

Kuyambira pamenepo mauthenga sanaleke. "Wadzuka bwanji, njiwa yanga?" "Ndikakuona ndimaiwala ndi sipanala yomwe ndagwira." "Chilimwe chisanathe ndidzakhala nditakutenga, ndikulumbira." Velina anali mtsikana amene aphunzitsi ankaiwala kuti ali m'kalasi. Akanatani, munthu atamuona chonchi?

Koma panali chinthu chimodzi chomwe chinkamudya.

A Kolyo anamwalira chaka chapitacho m'galimoto yomweyo. Mtima wawo unaima ali pamsewu wa kuphiri wopita ku Lipovo, kumudzi kwa Spas. Anawapeza ataimika bwinobwino pambali pa msewu, dzanja lili pa ndodo ya magiya. Pepala la maliro awo linali likadali pageti monga mwa mwambo, chithunzi chawo chitayamba kufwifwa ndi dzuwa.

Pa Pasaka, Velina anauza Spas kuti apita ku Lipovo kukaonekera kwa makolo ake. Spas anavomera mokondwa. Koma m'mawa mwa ulendowo ndodo ya magiya inangoti lende. Akaikankha kutsogolo, akaikokera kumbuyo, inkangoyenda ngati supuni m'kapu yopanda kanthu. Basi ya ku Lipovo inaleka kuyenda kalekale, ndiye ulendo unafera pomwepo.

Spas anabwera tsiku lotsatira. Anamutuma kuti akamuphikire khofi, ndipo pobwerako Velina anapeza galimoto ili bwinobwino.

"Sindinapeze vuto," anatero Spas akupukuta manja. "Ndangoigwira, yavomera yokha. Ndakonza magalimoto ambiri, Veli, koma izi n'zina. Mwina bambo ako sakufuna kuti udutse pomwe anatsirizikira. Kapena sakundifuna ineyo."

Anaseka, namupsompsona pamphumi. Velina sanaseke.

Amayi ake, a Stanka, atamva anagwedeza mutu. Anati kuyambira Pasaka mpaka tsiku la Kukwera Kumwamba mizimu ya akufa imakhala pafupi ndi makomo awo, ndipo a Kolyo sanali munthu wosiya mwana wake osamuyang'anira. Velina atayesanso Lamulungu lina, zinachitika zomwezo. Kumsika galimoto inkapita. Kumanda inkapita. Koma akangotchula za ku Lipovo, ndodo lende.

Velina anayamba kudutsa pageti ataweramitsa mutu. Maso a pachithunzi paja ankaoneka ngati akumutsatira mpaka pakona. Galimoto imene kale ankalowamo kuti amve fungo la bambo ake, tsopano ankaiopa. Nthawi zina akagwira ndodo ya magiya ankamva ngati dzanja lozizira lasanjika pa lake. Kodi analakwa chiyani? Kodi kukonda munthu chaka cha maliro chitangotha ndi mlandu? Ankayatsa kandulo kutchalitchi n'kumanong'ona kuti, "Ndikhululukireni, bambo, koma ndimamukonda."

Lachinayi la sabata imene anachapa jekete ija linali tsiku la Kukwera Kumwamba, lomwenso ndi tsiku la dzina la Spas, tsiku limene aliyense wotchedwa Spas amachita phwando kwawo. Pa tsiku la dzina munthu saitana alendo ndipo sabweza mlendo. Geti limakhala lotsegula, aliyense wokukonda amangofika. Velina anapempha tchuthi kufakitale yosoka zovala kumene ankagwira ntchito.

"Ubwere, mtima wanga," analemba Spas. "Amayi akufuna kuona mpongozi wawo. Ukapanda kubwera, nyama ya nkhosa indiwawa mkamwa."

M'mawa mwa Lachinayi Velina anaphika banitsa, mkate wa tchizi wa kwawoko, tchizi chake chambiri monga ankakondera Spas. Anathyola maluwa m'munda, navala diresi lobiriwira. A Stanka anathira madzi kutsogolo kwa galimoto kuti ulendo uyende ngati madziwo. Velina anaponda kilatchi, nakankha ndodo.

Lende.

Anaimba foni, Spas osayankha. Patapita kanthawi uthenga unalowa: "Pepa, njiwa yanga. Usalimbane nawo akuluakulu. Mawa ndibwera ndidzakupukute misozi."

A Stanka anamuuza kuti atsike, akadye okha banitsayo, bambo ake anena kale mawu awo. Velina anatsamira mutu pachiwongolero n'kulira mosatulutsa mawu, monga ankalirira chiyambire ubwana.

Ali chigonere choncho anakumbukira tsiku lina ali wamng'ono. Anali pampando womwewu, mapazi osafika pansi, bambo ake ataweramira m'boneti akufuula kuti, "Kumanja, Veli! Tsopano kutsogolo!" Ankamuuza kuti magiya akavuta pamafunika anthu awiri, wina m'kati wogwedeza ndodo, wina panja woyang'ana. Pambuyo pake ankamunyamula kuti aone yekha chomwe chagwedezeka. Munthu ameneyo, amene ankamuonetsa chilichonse ndi chala, akanamutsekera njira osamuuza chifukwa?

Anapukuta maso.

"Amayi, khalani apa."

"Pampando wa bambo ako? Wapenga?"

"Mungogwedeza ndodo ndikakuuzani."

"Ndi diresi limenelo? Ukafika kwa eni ake uli ngati wosesa m'chumuni."

Komabe a Stanka anadzilemba chizindikiro cha mtanda, nakhala cham'mphepete mwa mpando ngati ukuotcha.

Velina anatsegula boneti, injini ili yozima. Pansi pa batire anaona zingwe ziwiri zakuda zochokera ku ndodo, zolowera pamwamba pa giyabokosi. China chimagwira ntchito ndodo ikapita kumbali, china ikapita kutsogolo ndi kumbuyo. Anayamba wakankha ndi dzanja kamkono kachitsulo komwe zingwezo zimakoka. Giya inalowa. Anakakokera kwina, ina inalowanso. Giyabokosi inali yamoyo.

"Kumanja ndi kumanzere, amayi."

Chingwe choyamba chinakoka kamkono kaja bwinobwino.

"Tsopano kutsogolo ndi kumbuyo."

Chachiwiri sichinakoke kanthu. Chinkangoyenda chonse pamodzi ndi chikopa chake, chifukwa chinali chitachoka pa chitsulo chomwe chimayenera kuchigwira. Velina anayang'ana bwino. Sichinaduke, sichinadyeke. Anayang'ana chinzake kuti aone chomwe chachigwira. Pakamzera kake panali patalowa kachitsulo kopyapyala, kopindika ngati nsapato ya kavalo.

Pa chachiwiri kamzerako kanali kopanda kanthu. M'mbali mwake munali zokanda zatsopano, zonyezimira, za munthu wotokosa ndi sikuludiraiva.

Dzanja la Velina linapita lokha pakhosi.

Anakumbukira kuti Lamulungu lija, atatha kudya, Spas anapempha makiyi kuti akaone oyilo. Anakumbukira kuti ankateronso nthawi iliyonse ulendo wa ku Lipovo ukayandikira. Anakumbukira khofi uja ankatumidwa kukaphika.

Anadula ulusi wofiira ndi mano. Anabwezera chingwe pamalo pake, nalowetsa kachitsuloko pakamzera, nakagogoda ndi kahamala ka bambo ake. Kanalowa kuti gwa, ngati sikanachokepo.

"Yalimba!" anafuula a Stanka ali m'kati. "Veli, yalimba! Chinali chiyani?"

Velina anatseka boneti. Manja ake anali bii, diresi litathimbirira pamimba.

"Sanali bambo," anatero.

A Stanka anamuyang'ana nthawi yaitali, nayang'ananso ulusi womwe unali m'dzanja lake. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kapu ina ya madzi, nathiranso kutsogolo kwa galimoto.

Potuluka pageti Velina anadzutsa mutu, nayang'ana chithunzi chija. Inali nkhope ya bambo ake basi, yotopa pang'ono, yofuna kumwetulira.

Msewu wa kuphiri unali wokhotakhota. Atafika pomwe a Kolyo anaimika komaliza, anachepetsa liwiro n'kutsitsira ku giya yachiwiri. Inalowa mofewa. Panalibe dzanja lozizira. Panali udzu wautali ndi mitengo ya matcheri akutchire.

"Pepani, bambo," ananong'ona. Ulendo uno ankapepesa zina.

Ku Lipovo nyumba sinavute kupeza. Geti linali lotsegula, utsi wa nkhosa yowotcha ukutuluka, nyimbo zikulira. Pansi pa mpesa panali tebulo lalitali lodzaza anthu. Mayi wina wonenepa, wovala epuloni, anamuchingamira asanamudziwe n'komwe.

"Lowa, mwanangu, lowa. Ine ndine mayi wake wa mwini tsikuli. Ndiwe wa kuntchito kwake? Taonani manjawo, nayenso ndi makaniko! Galya, tapezera mlendoyu mbale."

Mtsikana wamtali anadzuka movutikira, dzanja lina litachirikiza msana. Anali woyembekezera, pachala pali mphete.

"Uyu ndi mpongozi wanga," anatero mayi aja monyadira. "Mwamuna wake amangokhalira kutawuni, ntchito, ntchito. Lero lokha ndiye tamugwira."

Galya anamwetulira, nalandira banitsa ndi maluwa ndi manja awiri. Anathokoza kuchokera pansi pa mtima, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka Velina koposa.

Spas anali kumutu kwa tebulo, tambula ili m'mwamba. Atamuona, tambulayo inatsika pang'onopang'ono. Anauza anthu kuti ndi kasitomala, galimoto yake yavuta, abwera posachedwa. Anamugwira pachigongono n'kutuluka naye kumsewu.

Atafika pagalimoto anayang'ana boneti, nayang'ana manja a Velina.

"Wafika bwanji?" ananong'ona.

Velina anamuonetsa ulusi wofiira uja.

Pamenepo mawu a Spas anayamba kukhuthuka. Anati ukwatiwo anachita kumukakamiza makolo. Anati ankadikira kuti mwana abadwe kenako aulule zonse. Anati ankamuteteza ku msewu woopsa, ankamuteteza ku manyazi. Anamutchula njiwa, mtima, kuwala kwa maso ake. Anapita kukaima kumbuyo kwa galimoto atatambasula manja, nati sachoka mpaka Velina amumvetse. Galya anali atafika pageti, mbale ili m'manja.

Velina anaponya ulusi wofiira uja pafumbi. Moyo wake wonse ankayankhula motsitsa mawu kuti asasokoneze anthu. Tsiku limeneli sanatsitse.

"Za mkazi wako sindikufunsa, Spas. Ukanandiuza, ndikanalira, kenako n'kutha. Koma iwe unakatenga bambo anga kumanda kuti akulondere pakhomo pako. Ndakhala ndikudutsa pageti la kwathu nditaweramitsa mutu, kuopa nkhope ya munthu amene sanandikalipirepo. Ndinkawapepesa chifukwa chokukonda. Ndinali nawo pamalo amodzi okha, m'galimoto muno, ndipo iwe unandichititsa kuopa kukhalamo. Zimenezo sindidzakukhululukira.

"Kamwayi kako kaja kali pomwe unakachotsa. N'kamene kandibweretsa, n'kamenenso kandibweze. Jekete yako yauma, ukaipeza pageti, pansi pa chithunzi cha bambo. Ukawayang'ane pokaitenga. Tsopano choka kumbuyoko, ndikulowetsa livesi."