Jakisoni Womaliza wa Eneles

Madzulo amenewo Eneles ankasenda kalongonda pakhonde pamene anamva fungo lija. Ankalidziwa bwino, fungo la bala la pabere pake. Koma balalo linali litauma kale. Nanga linkachokera kuti?

Paja mayi ameneyu anthu a ku Thuchila anali atamuika kale m'manda ndi pakamwa, ena mpaka kuyamba kumusekerera mwamuna wake. Khansa inamudya n'kungosiya mafupa. Kenako madokotala a ku Blantyre anamulowetsa m'kafukufuku wa katemera woyesera. Anadula kanyama pachotupacho n'kupangira jakisoni wophunzitsa thupi kulimbana nacho. Sanamulonjeze kanthu, koma munthu uja anadzuka, masaya n'kubwerera.

Ndiye kuchigayo nkhani inali yomweyo. Ankati matenda ochita kutumizidwa akasowa pokhala amabwerera kwa mwini wake, tiyeni tione atupe ndani. Agalu anayamba kulira ngati pali maliro. Mbuzi ya pafupi inafa ili chiimire. Usiku padenga la malata pankayenda chinthu cholemera, pang'onopang'ono, ngati chikufunafuna khomo.

Fungo lija linafika pakhonde. Anali Anesi, mkulu wake weniweni, yemwe ankamusambitsa ndi kumuchapira nsalu zamafinya pa matenda onsewo. Anakhala pansi movutikira, chitenje atafunda mpaka m'khosi, kunja kukutentha chonchija. Anayamba ndi zozungulira, zoti minibasi masiku ano zikupha anthu, zoti madokotalawo akungomuyesera. Kenako anagwira mwendo wa mng'ono wakeyo.

"Mawa usapite kukabayitsa, mwana wa amayi."

"Bwanji, achemwali? Ndi jakisoni womalizatu."

"Ukabayitsa kumeneko, kuno chimakula."

Anamasula chitenje. Bala pabere lakumanzere, malo omwewo. Eneles anati mawa apitire limodzi kuti madokotala akawaone. Anesi anapukusa mutu, maso ali pansi.

"Sing'anga amene anandipatsa ananena kuti sichibwerera. Ine ndinkangofuna munda wa amayi uja."

Eneles anaika mpeni pansi. Manja omwe ankamusambitsa aja anali akadali pamwendo pake, ozizira ngati madzi a m'phiri.

Kutacha Eneles anavala n'kulunjika kumsewu. Minibasi itaima, kondakitala anafunsa ngati adikire mayi amene akubwera kumbuyoko, akugwa n'kudzuka, akuitana dzina lake.

Eneles sanacheuke.

"Tiyeni," anatero.