Batala wa Amama

Hidaya amakhala ku Nkope. Ali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake ndi Sameer.

Amama awo anali kuchipatala ku Mangochi. Kumeneko kunabadwa khanda. Hidaya anawasowa kwambiri Amama. Ankafuna kuwalandira ndi chinthu chabwino.

M'mawa Ababa anatulutsa kambale kovundikira. M'kambalemo munali batala wachikasu.

"Uyu ndi wa Amama anu," anatero Ababa. "Amakonda buledi wopaka batala. Abwera mawa. Umusunge pabwino, Hidaya."

"Chabwino, Ababa."

Ababa anathamangira kumsewu kukakwera galimoto yopita kuchipatala. M'nyumbamo munalibe filiji. Kunja dzuwa linali kuswa mtengo.

Sameer ananyambita milomo. "Achemwali, ndilaweko pang'ono."

"Ayi, Sameer. Ndi wa Amama."

Hidaya anakwera pampando. Anaika kambale pamwamba pa khoma, kunsi kwa malata. Apa m'pamene Amama amabisa machesi.

"Apa Sameer safika," anatero.

Zoonadi, Sameer sanafike. Koma kutentha kunafika. Hidaya atatsegula kambale, anapeza batala wafewa ngati phala.

"Mayo ine," anatero Hidaya.

Anatsitsa kambale msanga. Anakaika kunsi kwa bedi.

"Apa kutentha sikufika," anatero.

Zoonadi, kunsi kwa bedi kunali kozizirirako. Koma nyerere zinafika. Nyererenso, ndani anaziuza? Zinabwera pamzere, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Mwamwayi chivundikiro chinali chotseka bwino.

Hidaya anakutumula kambale. Anakaika m'dengu lopachika kudenga lakhitchini. Umu ndi momwe Ababa amasunga usipa wouma.

"Umu nyerere sizifika," anatero.

Zoonadi, nyerere sizinafike. Koma Sameer anakwinya mphuno.

"Achemwali, Amama adya batala wonunkha usipa?"

Hidaya ananunkhiza kambale. Kunja kwake kunali kutayamba kale kununkha. Anakatsuka ndi sopo. Kenako anakhala pakhonde, kambale kali pamiyendo. Misozi inayamba kugwa.

"Ndalephera," anatero. "Amama sadzapeza kanthu."

Sameer anamva chisoni. Analowa m'nyumba. Anatunga madzi mumtsuko. Anabwera nawo pang'onopang'ono, manja onse awiri ali pakapu.

"Imwani, Achemwali. Musalire."

Hidaya anamwa. Madziwo anali ozizira bwino. Anamwanso. Kenako anasiya kulira.

"Sameer, kunja kukutentha. Nanga madzi awa akuzizira bwanji?"

"Kaya," anatero Sameer.

Anapita onse kukaona. Mtsuko unali pakona, pamchenga wonyowa. Hidaya anagwira mtsuko. Unali wozizira. Anagwira mchenga. Unali wozizira.

Hidaya anatenga mphika wadothi. Anathiramo madzi a mumtsuko. Anakhazikamo kambale kaja. Madzi sanafike pachivundikiro. Pamwamba anafunditsa nsalu yonyowa. Mphikawo anauika pamchenga, pambali pa mtsuko.

"Sameer, ntchito yako nayi. Nsalu ikauma, uziinyowetsa."

Sameer anaikonda ntchitoyo, mwina mopitirira. Ananyowetsa nsalu. Ananyowetsa mchenga. Ananyowetsanso malaya ake.

Nyerere zinabweranso pamzere. Zinakwera mphika. Zinapeza madzi. Zinabwerera.

Madzulo Ababa anafika. Anasuzumira mumphika n'kumwetulira. M'mawa mwake Hidaya anathiramo madzi ena ozizira. Anatsegula kambale. Batala anali atalimba.

Ankafunitsitsa kulawa. Chala chinafika pafupi zedi. Koma anavundikiranso.

Masana Amama anafika, khanda lili m'chitenje.

"Salamu aleikumu, ana anga."

"Aleikumu salamu, Amama!"

Ababa anaphika tiyi. Hidaya anabweretsa buledi ndi kambale kaja. Amama anatsegula. Ananunkhiza.

"Kutentha konseku, batala osasungunuka? Wasunga ndani?"

"Achemwali," anatero Sameer. "Ine ndimanyowetsa nsalu."

Amama anapaka batala pabuledi. Anapatsa Hidaya. Anapatsa Sameer. Anapatsa Ababa. Kenako analawa nawonso, atatsinzina.

"Hidaya, khala pamkeka apa," anatero Amama. "Tambasula manja."

Hidaya anatambasula manja. Amama anaikamo khanda lija. Linali lofewa, linali lofunda.

"Ndaona kuti umadziwa kusamala zinthu," anatero Amama. "Nayu mng'ono wako."

Hidaya anamugwira bwinobwino. Sameer anayandikira, nsalu yonyowa ili m'manja.

"Ayi, Sameer," anatero Hidaya. "Uyu safuna kuzizira."

Amama anaseka mpaka misozi.