Magombo Atatu a Lena

Lena anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali ndi khumbo limodzi lokha. Ankafuna kuti mng'ono wake, Deborah, asiye kugona m'kalasi.

Banja lawo linali lachilendo ku Monkey Bay. Linachokera ku Dedza, kozizira. Bambo awo, a Gilford, anali msilikali wa panyanja. Mayi awo anatsala ku Dedza. Ankadikira kalata yowasamutsa pa ntchito.

Kuno kunali kotentha. Njira ya kusukulu inali yaitali. Mchenga unkalowa m'nsapato.

M'mawa, Deborah ankamwa tiyi. Pa buleki, ankadya switi. Switi imodzi, yofiira. Belu likalira, ankalowa m'kalasi. Ankatsamiritsa mutu kukhoma. Basi, tulo.

Lolemba, tulo. Lachiwiri, tulo. Lachitatu, tulo.

Lachisanu, aphunzitsi a Sitandade 1 anaitana Lena.

"Mng'ono wakoyu ikumugonetsa ndi njala," anatero. "Switi sikhalitsa m'mimba. Ukawauze bambo. Akapitiriza kugona, adikire chaka chamawa."

Deborah anamva zonse. Sanalire. Anangogwira diresi la Lena.

"Ine sindifuna chaka chamawa," ananong'ona. "Ndikufuna chaka chino."

Lena anaganiza njira yonse. Anaganiza za Zakia, mnzake wa nyumba yoyandikana. Zakia sankagona m'kalasi. Pa buleki ankadya chigumu. Chigumu chofewa, chotsekemera. Ankaphika ndi mayi ake, a Mwanamvua.

Loweruka m'mawa, Lena anapita kwa Zakia.

"Odi kuno."

"Lowa, mwanangu, koma fulumira," anatero a Mwanamvua. "Tikupita kuboma kukagula nsalu. Minibasi sidikira munthu."

A Mwanamvua ankasoka zovala. Ankayankhula mofulumira ngati makina awo. Ankayamba ndi Chichewa. Pakati pankalowa Chiyao. Iwo sankazindikira n'komwe.

"Ndikufuna kuphika chigumu cha Deborah," anatero Lena.

"Chosavuta. Tchera khutu. Ufa wa mgaiwa, makapu awiri. Nsinjiro, kapu imodzi. Dzira limodzi. Soda pang'ono. Kamchere. Ndiye magombo atatu."

"Magombo?"

"Eya, atatu. Akupsa bwino. Magombo ndiwo mwini nkhani."

Kumsewu kunalira hutala. Pii, pii. A Mwanamvua ananyamula dengu. Anakoka Zakia padzanja. Anapita.

Lena anabwerera kwawo akuwerenga pa zala.

"Ufa, nsinjiro, dzira, soda, mchere, magombo. Ufa, nsinjiro, dzira, soda, mchere, magombo."

Anapeza bambo ake pakhonde. Ankapukuta nsapato za kuntchito. Deborah ankawagwirira bulashi.

"Adadi, magombo n'chiyani?"

A Gilford anaika nsapato pansi. Anakanda mutu.

"Wamva molakwika, mwanangu. Anati magombe. Gombe limodzi, magombe atatu. Si tili kunyanja kuno?"

"Adadi, gombe silingalowe mupoto."

"Gombe silingalowe. Koma za pagombe zingalowe. Pagombe pamakhala chiyani?"

"Mchenga," anatero Deborah.

"Mchenga sitidya."

"Mabwato."

"Bwato sititafuna."

"Usipa," anatero Lena.

"Wakhoza. Usipa."

"Koma anati akupsa bwino."

"Usipa wowamba," anatero a Gilford. "Wapsa kale umenewo. Valani zipewa. Tiyeni."

Anapita onse atatu. Dzuwa linali pamutu.

Anafika pa gombe loyamba. Anagula usipa wodzaza dzanja.

Anayenda, anayenda. Anafika pa gombe lachiwiri. Anagula usipa wodzaza dzanja.

Anayenda, anayenda. Deborah anatopa. Bambo ake anamunyamula paphewa. Anafika pa gombe lachitatu.

Pamenepo panali msodzi, a Ambrose. Ankasoka ukonde. Anasuzumira m'jumbo la Lena.

"Bwana, usipa muli nawo kale. Bwanji simunagulire pamodzi?"

"Tauzidwa magombe atatu," anayankha a Gilford. Anayankha chilili, ngati pa perete.

A Ambrose anawayang'ana. Anayang'ana ana. Anapereka usipa.

"Anthu a kumapiri muli ndi zanu," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Kunyumba, ntchito inayamba. Onse anasamba m'manja. Lena anasinja usipa mumtondo. Gu, gu, gu. Anathira ufa m'beseni. Anathira nsinjiro. Anaswa dzira. Anathira soda ndi mchere. Anathira usipa wa magombe atatu. Anathira madzi. Anasakaniza, anasakaniza.

Moto unali ntchito ya bambo. Anayatsa mbaula. Makala ena pansi pa poto. Makala ena pamwamba pa chivundikiro.

Anadikira. Fungo linatuluka. Kunabwera mphaka mmodzi. Kunabwera mphaka wina. Kunabweranso wina. Onse anakhala pansi mwaulemu, maso papoto.

Chigumu chinapsa. Chinkaoneka bwino. Lena anadula kachidutswa. Anauzira, n'kupatsa Deborah.

Deborah analuma. Anatafuna kamodzi. Anaima. Mphuno inakwinyika.

"Chikumveka ngati bwato," anatero.

"Bweretsa kuno," anatero a Gilford. "Msilikali sasiya chakudya."

Analuma. Anatafuna. Anatafuna nthawi yaitali. Anameza. Anamwa kapu yonse ya madzi.

"Chili ndi mphamvu," anatero motsitsa mawu.

Lena sanaseke. Anapita kuseri kwa nyumba. Anakhala pa njerwa. Mawa Lamulungu. Mkuja Lolemba. Lolemba, Deborah adzagonanso.

Deborah anamutsatira. Anakhala pambali pake.

"Ndidzadya, achemwali," anatero. "Ndidzatsina mphuno."

Lena anamukumbatira.

Cha m'ma fili koloko, minibasi inaima kumsewu. Zakia anatulukira pampanda. Ankanunkhiza mpweya.

"Lena, mwaphika chiyani? Amphaka onse a m'dera lino ali kwanu."

"Chigumu cha mayi ako. Sichinakome."

"Unaika magombo?"

"Atatu. Tinayenda mpaka gombe lachitatu. Usipa wake ndi uwo."

Zakia anatsegula pakamwa. Anayang'ana poto. Anayang'ana amphaka. Kenako anakhala pansi, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

"Amama, tabwerani," anaitana. "Tadzamvani za kuno."

A Mwanamvua anabwera, dengu lili pamutu. Anamva nkhani yonse. Anagwira pakamwa.

"Pepa, mwanangu. Wolakwa ndine. Lilime langa linathawira kwathu."

Anatula dengu. Anavundukula nsalu. Pansi pake panali nthochi. Zachikasu, za madontho akuda. Anatola imodzi.

"M'Chiyao, ili ndi ligombo." Anatola zina ziwiri. "Awa ndi magombo. Inu mumati nthochi."

"Nthochi," anatero Lena.

"Nthochi," anatero Deborah.

A Gilford anayang'ana mapazi awo. Anali mbuu ndi mchenga.

"Ndiye ulendo wonse uja, nthochi zili pamsika pomwepa?"

"Musadandaule, bambo a Lena," anatero a Mwanamvua. "Mwaona dziko."

Tsopano Lena anaseka. A Gilford anaseka. Ngakhale Deborah, amene sanamvetse bwino, anaseka.

"Tsukani poto," anatero a Mwanamvua. "Dzuwa likadalipo."

Anasambanso m'manja. Lena anasenda nthochi zitatu. Anazikanya ndi foloko. Zinafewa ngati phala.

"Shuga tiike wochuluka bwanji?" anafunsa.

"Ngakhale pang'ono. Nthochi ikapsa, imabwera ndi shuga wake."

Lena anathira ufa wa mgaiwa.

"Umenewo ndi wa miyendo," anatero a Mwanamvua. "Njira yanu ndi yaitali."

Lena anathira nsinjiro.

"Zimenezo zimakhalitsa m'mimba. Njala imachedwa kubwera."

Zakia anaswa dzira.

"Limenelo ndi lokulitsa. Deborah adzakupitirira msinkhu."

"Sizingatheke," anatero Lena.

"Zitheka," anatero Deborah.

Anathira soda ndi mchere. Anathira madzi. Anasakaniza, anasakaniza. A Gilford anakoleza moto. Makala ena pansi. Makala ena pamwamba.

"Nanga usipa wotsalawu titaye?" anafunsa a Gilford.

"Kutaya usipa, ku Mangochi?" anatero a Mwanamvua. "Anthu akusekani. Kazingani ndi kamchere. Umalimbitsa mafupa. Koma uzikhala pawokha. Usipa ndi nthochi sagona nyumba imodzi."

Anadikira. Fungo linatuluka. Linali lina. Amphaka ananunkhiza, n'kuchoka.

Chigumu chinapsa. Lena anadula kachidutswa. Anauzira, n'kupatsa Deborah.

Deborah analuma. Anatafuna. Anameza. Analumanso. Anatola nyenyeswa pa diresi, n'kudyanso.

"Sikomo," anatero a Mwanamvua. "Amene wadya nyenyeswa wayankha kale."

Lamulungu masana, atachoka kutchalitchi, Lena anaphika china. Anaphika yekha. Bambo ake anangosamala moto.

Lolemba m'mawa, Lena anatenga kabokosi. Mbali iyi, chidutswa cha chigumu. Mbali iyo, usipa m'kapepala. M'botolo, madzi akumwa.

Pa buleki, anakhala pamthunzi. Lena, Zakia ndi Deborah. Deborah anadya chigumu. Anadya usipa, kuru, kuru. Anamwa madzi. Belu linalira. Aliyense analowa m'kalasi mwake.

Lena anakhala pa desiki. Maso anali pabolodi. Mtima unali ku Sitandade 1. Kodi wagona? Kodi ali maso? Masamu a tsiku limenelo sanalowe.

Ataweruka, anathamanga. Anapeza aphunzitsi aja pakhomo. Deborah anali pambali pawo. Zala zake zinali zoyera ndi choko.

"Lero sanagone," anatero aphunzitsi. "Wandifunsa mafunso mpaka ndatopa ndine. Ukawauze bambo kuti malo ake alipo."

Lena anapuma mpweya wautali. Anagwira dzanja la choko lija. Njira ya kunyumba inafupika.

A Gilford anafika ali mu yunifolomu. Asanavule chipewa, Deborah anawakwera pamwendo.

"Adadi, kodi mumadziwa? Buleki ikatha, kumakhala kuyimba."

"Zoona?"

"Zoona. Tsiku lililonse. Ine sindinkadziwa. Tikayimba, timalemba. Tikalemba, timawerenga miyala. Tikawerenga, timayimbanso. Sukulu ndi yaitali, Adadi."

"Ndiye watopa?"

Deborah anapukusa mutu. Anatembenukira kwa Lena.

"Achemwali, mawa mundiikire zidutswa ziwiri. Pali Hafiz, amakhala pambali panga. Nayenso sadziwa kuti kumakhala kuyimba."

Lena anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana mbaula.

"Ndakumva," anatero a Gilford, akuvula chipewa. "Bweretsani makala."