Kamaloto ndi Chingwe cha Chimvuu

"Kutsogolo. Ndati kutsogolo. Kodi m'makutu mwako muli phula?"

"Kumbuyo, achimwene. Inu mumangokonza. Woyendetsa ndine."

Awo ndi ana anga awiri. Wamkulu ndi makaniko. Wamng'ono ndi dalaivala. Onse ndinabereka ndine. Onse ndi ouma mitu. Mituyo anatengera bambo awo.

Ine ndinatenga kampando kanga. Ndinakhala pakhomo pa galaja. Mkangano wa ana anga ndimaukonda. Umaposa wailesi.

Pambali panga panakhala mdzukulu wanga. Timamutcha Kamaloto. Ndi mwana wa Makaniko. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amalota ali maso. Amalota akudya. Amalota akusamba.

Kamaloto ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kugwira mtambo.

Kumapeto kwa msewu wathu kumaoneka phiri. Pamwamba pa phiri pamagona mtambo. Umagona ngati mphaka woyera. Umagona pamenepo nthawi ya mvula yokha. Mvula ikatha, mtambo umasamuka. Ndipo mvula inali pafupi kutha.

"Agogo, mtambo ndi wofewa?" anafunsa Kamaloto.

"Sindinaugwirepo, mkazi mnzanga."

"Ine ndikaugwira. Ndikautapa m'botolo. Amayi adzausokere m'pilo."

Kuphiri kumafika galimoto imodzi yokha. Ndi galimoto yathu. Ndi yayitali miyendo. Matayala ake ndi aakulu. Timaitcha Chimvuu. Chimvuu chimakonda matope. Chikalowa, sichifuna kutuluka.

Mwezi watha Chimvuu chinatitimira panjira ya kuphiri. Kamaloto anali momwemo. Anaswera m'matope. Udzudzu unamudya. Phiri sanalifike.

Mayi ake anakwiya. Mayi akewo ndi telala. Ndiye mpongozi wanga. Lilime lawo limadula kuposa lumo.

"Mwana wanga sakweranso chigalimoto chimenecho," anatero Telala. "Chiyambe chaphunzira kudzitulutsa chokha m'matope."

Ndiye ana anga anabweretsa winchi. Winchi ndi makina okokera. Ili ndi chigudumu chozungulira. Ili ndi chingwe chachitali. Kumapeto kwa chingwe kuli ngowe. Umamanga chingwe pamtengo. Umadina batani. Chigudumu chimakulunga chingwe. Galimoto imadzikoka yokha.

Koma winchi inangokhala pansi. Tsiku loyamba, pansi. Tsiku lachiwiri, pansi. Wina akuti kutsogolo. Wina akuti kumbuyo. Kangaude anayamba kumangapo nyumba.

"Anthu onse amaika kutsogolo," anatero Makaniko.

"Anthu onsewo sanaswere m'matope," anatero Dalaivala.

Moto utayamba kuzima, ine ndinasonkhezera.

"Wamkulu, mng'ono wako akuti ndiwe manja lende."

"Mayi, sindinanene zimenezo."

"Unanena ndi maso."

Kamaloto anayang'ana phiri. Mtambo unali wocheperapo. Ananyamuka. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi pepala. Papepalapo anali atajambula tsiku la matope lija.

"Bambo, taonani. Ichi ndi Chimvuu. Awa ndi matope. Awanso ndi matope. Kutsogolo konse ndi matope."

"Nanga ichi ndi chiyani?"

"Mtengo. Unali kumbuyo kwathu. Ndinauyang'ana tsiku lonse. Unali ndi mbalame zisanu."

Makaniko anatenga pepala.

"Kutsogolo kunali chule yekha," anatero Kamaloto. "Chingwe mukamanga pa chule?"

Makaniko anayang'ana pepala. Anakanda mutu. Anatsokomola. Wamkulu wanga akagonja amatsokomola.

"Kumbuyo," anatero. "Ndimaganiza choncho kale."

"Wabodza ngati bambo ako," ndinatero ine.

Ntchito inayamba.

Anachotsa bampala yakumbuyo. Anayeza chitsulo chokhuthala. Anachiboola mabowo anayi. Anachimanga pa msana wa galimoto, chitsulo chachikulu cha pansi.

"Bwanji osamanga pa bampala?" anafunsa Kamaloto.

"Bampala ndi yofooka, mwanawe. Winchi ingaizule ngati dzino."

Kamaloto anagwedeza dzino lake ndi lilime. Anamvetsa.

Winchi inali yolemera. Anainyamula anthu awiri. Wamkulu mbali iyi. Wamng'ono mbali iyo.

"Kweza."

"Ndakweza kale. Inu ndi amene mwagona."

Anaikhazika pa chitsulo. Analowetsa mabawuti. Kamaloto anawerenga. Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi. Sipanala inamanga. Inamanga mpaka misempha ya Makaniko inatuluka m'khosi.

Kenaka mawaya. Waya wofiira ndi waya wakuda. Batire ili kutsogolo. Winchi ili kumbuyo. Mawaya anayenera kuyenda ulendo wautali.

Makaniko analowa pansi pa Chimvuu. Kunja kunatsala mapazi okha. Chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi.

"Mwamuna wa telala," ndinatero, "sokosi zazenera."

"Mayi, ndili pantchito."

Mawaya anadutsa pansi. Anazemba paipi ya utsi. Paipi ya utsi imatentha. Makaniko anawamanga apa. Anawamanga apo. Kamaloto anagona chafufumimba. Anasuzumira. Anati mawayawo ndi misewu iwiri. Anati nyerere zidzayendamo popita kwa agogo awo.

Kunatsala chingwe.

"Chingwe ndikulunga ine," anatero Dalaivala. "Ndi ntchito yaing'ono."

Anataya chingwe pansi. Anadina batani. Chigudumu chinalira. Chingwe chinalowa chokha. Chinalowa chothamanga. Apa chinaunjikana. Apo chinasiya dzenje.

"Basi," anatero Dalaivala. "Itanani alamu."

Telala anabwera. Tepi ili m'khosi. Manja ali m'chiuno.

"Ndionetseni."

Dalaivala anagwira ngowe. Anakoka. Chingwe chinatuluka pang'ono. Kenaka chinakana. Anakokanso. Chinakana. Chinali chitapiringizana m'kati. Anakoka ndi mphamvu zonse. Ngowe inamupulumuka. Anakhala pansi. Anakhala m'beseni la mafuta akuda.

Ine ndinaseka. Ndinaseka mpaka mpango unagwa.

Telala sanaseke.

"Alamu, ichi ndi chingwe? Kapena ndi tsitsi la munthu wongodzuka kumene?"

Dalaivala anayang'ana denga.

"Mwana wanga sakwera," anatero Telala. Anabwerera ku makina awo.

"Winchi yanu ndi yoipa, achimwene."

"Oipa ndi manja ako."

Ine ndinasendeza kampando pafupi.

Kamaloto sanalire. Anayang'ana phiri. Mtambo unali wochepa ngati chipewa. Kenaka anayang'ana chigudumu. Anachiyang'ana. Anachiyang'anabe. Maso ake anapita kutali. Ine ndimawadziwa maso amenewo.

Pambuyo pake anandiuza zimene anaona. Chigudumu chinayamba kuchepa. Chinachepa. Chinachepabe. Chinakhala kanthu kokwana m'manja.

"Agogo," ananong'ona. "Ndi bobini."

Bobini ndi kagudumu ka ulusi. Kamakhala m'makina osokera. Kamaloto amakulungira amayi ake tsiku lililonse.

Anapita pakati pa amuna awiri aja.

"Bambo aang'ono, mwakulunga chingwe chili lende."

"Ndiye?"

"Ulusi ukakhala lende umadzidya. Amayi amati uziukunga. Uzilowa pang'onopang'ono. Mzere pafupi ndi mzere."

"Galimoto si makina osokera," anatero Dalaivala.

"Iwe khala chete," ndinatero. "Mafuta akukutsika m'miyendo."

Makaniko anawerama. Anayang'ana chigudumu. Anayang'ana mwana wake.

"Mwanayu akunena zoona."

Kuseri kwa galaja kuli mtengo waukulu. Anapita nacho Chimvuu kumeneko. Anamasula chingwe chonse. Chinawatengera nthawi. Chinawatengera thukuta. Chinawatengeranso mawu ena oti mwana asamve.

Anakulunga lamba wansalu pamtengo. Anatero kuti khungwa lisapweteke. Anakola ngowe pa lambayo. Dalaivala anakhala pa chiwongolero. Anayala nyuzipepala pampando. Anaponda buleki pang'ono. Makaniko anavala magolovesi. Anagwira batani.

"Kamaloto, ukaime uko ndi agogo ako. Chingwe chokungika sasewera nacho."

Kamaloto anaima pambali. Anakwera pa kampando kanga. Ine ndinamugwira dzanja.

Batani linadinidwa. Chingwe chinadzuka pansi. Chinawongoka. Chinakungika. Chimvuu chinayamba kuyenda chobwerera. Chinayenda ngati chili m'tulo.

"Pang'onopang'ono," anatero Kamaloto.

Mzere pafupi ndi mzere.

"Imani. Chakwera pa chinzake. Bwezani."

Makaniko anabweza.

"Tiyeni tsopano."

Mzere pafupi ndi mzere. Kumanzere mpaka kumapeto. Kumanja mpaka kumapeto. Mzere pafupi ndi mzere. Amuna awiri andevu akumvera kamwana. Ine ndinalakalaka msewu wonse uone.

Chingwe chinatha. Kamaloto anathamanga. Anabwera akukoka amayi ake.

Telala anawerama. Anayendetsa chala pa chingwe. Chinali chosalala. Chinali chothina. Panalibe phiri. Panalibe dzenje.

"Ntchito iyi ndi ya telala," anatero. "Wakulunga ndani?"

"Ine," anatero Makaniko.

"Ine," anatero Dalaivala.

"Kamaloto," ndinatero ine. "Awiriwa anali antchito ake."

Telala anayang'ana mwana. Anamukonza kolala.

"Mawa tipita. Ine ndikwera nawo. Ndikaone ndi maso anga."

M'mawa tinakwera tonse. Ine kutsogolo, chifukwa cha maondo. Kamaloto kumbuyo, pakati pa makolo ake. Botolo lili pamiyendo.

Tinasiya nyumba. Tinasiya mashopu. Tinasiya phula. Phiri linakula. Mtambo unali pomwepo. Unali kutidikira.

Tinafika pamphambano. Kumanja, njira ya miyala. Ndi yayitali. Kumanzere, njira ya matope. Ndi yaifupi.

"Kumanja," ndinatero.

"Mayi, lero tidutsa. Ine ndine dalaivala."

Tinalowa kumanzere. Chimvuu chinaona matope. Chinakondwa. Chinalowa. Chinakhala.

Matayala anazungulira. Matope anauluka. Chimvuu sichinasunthe.

Telala anayang'ana matope. Anangopinda manja. Kukhala chete kwa mpongozi wanga kumaopsa kuposa bingu.

Kamaloto anacheuka.

"Mtengo wanga uwo. Kumbuyo. Mbalame zilipo."

Kutsogolo kunali chule yekha.

Dalaivala anatsika. Anagwira ngowe. Chingwe chinatuluka bwinobwino. Sichinakane. Anayenda nacho m'matope. Matope anameza nsapato yake imodzi. Anaifuna ndi phazi. Anaifuna ndi dzanja. Sanaipeze.

Anamanga lamba pamtengo. Anakola ngowe. Anabwerera pa chiwongolero, phazi limodzi lili lamaliseche. Makaniko anaima pouma. Anadina batani.

Chingwe chinadzuka. Chinakungika. Chimvuu chinabuula. Sichinkafuna. Chingwe chinakoka. Mzere pafupi ndi mzere. Matope anasiya tayala limodzi. Anasiya lachiwiri. Anasiya onse.

Chimvuu chinatuluka chobwerera.

Telala anamasula manja.

"Chaphunzira," anatero.

Tinadzera njira ya miyala. Ine sindinanene kanthu. Ndinangonena kasanu kuti ndinanena.

Tinakwera. Tinakwerabe. Mitengo inayamba kuzimirira. Msewu unazimirira. Zonse zinayera. Tinali m'kati mwa mtambo.

Dalaivala anazimitsa injini. Kunali zii.

Kamaloto anatsika. Anatambasula manja. Mtambo unadutsa pakati pa zala zake. Unamugwira masaya. Unamugwira zikope.

"Agogo, si wofewa ngati thonje."

"Uli bwanji?"

"Ndi wozizira. Ngati mphuno ya mphaka."

Anatsegula botolo. Analiyendetsa m'mwamba. Analitseka msanga. Anapereka kwa amayi ake.

"Amayi, za pilo."

Telala anakweza botolo. Munali madontho atatu.

"Singano yanga singasoke izi, mwanawe."

"Palibe kanthu. Taonani tsitsi lanu."

Tsitsi la Telala linali ndi timikanda tamadzi. Ndevu za Makaniko zinali ndi timikanda. Nsidze za Dalaivala zinali ndi timikanda. Tonse mtambo unativeka.

Telala anaseka. Anakolowekera dzanja pa mkono wa mwamuna wawo. Makaniko ananyamula Kamaloto paphewa. Kamaloto analowetsa mutu m'mwamba mwenimweni. Dalaivala anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa.

Ngakhale ine ndinakhala chete. Pang'ono.

Tsopano mvula yatha. Mtambo wasamuka. Botolo lili pazenera, pafupi ndi makina osokera. Madontho atatu akadalimo.

Makaniko ndi Dalaivala akulankhulana. Telala akulankhula ndi aliyense. Mkangano palibe, nyumba yazizira kwambiri. Ndiye nkhani ya nsapato ndinaitulutsa kunja. Ndinauza wometa. Ndinauza wogulitsa tomato. Ndinauzanso mtsikana wa pashopu, amene Dalaivala amapesa tsitsi akamapita kukamuona.

Dalaivala sakundilankhula. Lero ndi tsiku lachinayi. Akafuna kanthu kwa ine amatuma Kamaloto.

"Kawauze agogo ako andipatse makiyi."

Kamaloto amanyamuka. Amafika pakhomo. Amaona phiri. Amaima. Uthenga umathera pomwepo.