Amene Ankasamba Kuseri kwa Nyumba ya Zaituni

Madzi ndiwo anayamba kusowa. Ku Makause, mudzi wa zisakasa ku Joni, madzi sasewera nawo: mpopi uli kutali, mzere wake ndi wotopetsa, ndipo Zaituni ankatunga ndowa ziwiri zokha madzulo akaweruka kogulitsa kaunjika ku Primrose. Imodzi ankalowetsa m'nyumba, inayo ankaisiya kuseri, pakampata ka pakati pa malata ake ndi a mayi Grace, mnzake wa ku Chipata. Lachiwiri lina m'nyengo yozizira anadzuka n'kupeza ndowa yakuseriyo ilibe ndi dontho lomwe. Chivundikiro chinali chitabwezedwa bwinobwino, ndipo sopo anali wonyowa.

Wakuba wake uti amene amabwezera chivundikiro? Zaituni anatukwana pang'ono, n'kupita kumsika.

M'mawa mwake zinali chimodzimodzi. Anthu a pamzerewo anayamba kuponyapo ndemanga, monga mudziwa kuti pakamwa salipira lendi. Ena ankati ndi anyamata okumba golide m'migodi yakale, amene amatuluka pansi usiku thupi lonse lili fumbi. Ena ankati ndi munthu wamisala. Mayi wina anachita kunong'ona kuti nyumba ya mkazi wosakwatiwa sisowa mlendo. Koma mtima wa Zaituni unali kale ndi katundu wina.

Mchimwene wake wamng'ono, Ashraf, anali asanaoneke kwa miyezi iwiri. Ankagwira ntchito ya zomangamanga ku Tsakane, kugona komweko, ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi. Foni yake inali yozima, koma Ashraf ndi mafoni sankagwirizana: chaka chimodzi anataya atatu. Zaituni ankadzitonthoza ndi zimenezo.

Ndiye amene anamuitana mwanayo kuchoka ku Ntaja, atalonjeza mayi awo kuti amusamala ngati diso. Masiku a papasipoti atatha, ndiyenso anapeza nzeru. Mlongo wa mayi Grace, dzina lake Jimmy Sakala, ankabwerera ku Zambia ndipo anasiya pepala lake lokhalira m'dziko, chithunzi chitafufuma moti aliyense wamphuno yaitali akanatha kukhala mwini wake. Ambiri ku Joni amatero, pepala limatsalira amene watsala. Usiku umene anamupatsa pepalalo, Zaituni anamugwira khutu mchimwene wakeyo.

"Kuyambira lero ndiwe Jimmy. Akufunse wapolisi, akufunse bwana, akufunse aliyense, ndiwe Jimmy. Wachibale ulibe. Ukanditchula watimangitsa tonse. Wamva?"

"Ndamva, achemwali," anatero Ashraf akuseka. Kuyambira ali mwana anali womvera.

Usiku wachitatu Zaituni anaganiza zodikirira wakubayo. Anazimitsa kandulo n'kukhala pabedi, msana utatsamira malata ozizira. Mawailesi anazima imodziimodzi. Kutali pansi pa nthaka kunagunda kamodzi, monga amachitira okumba aja, makapu n'kugwedezeka pashelefu. Kenako kunangoti zii. Utsi wa mbaula unkalowa m'ming'alu, ndipo mdima unali wandiweyani moti sankaona ngakhale dzanja lake.

Cha m'ma 3 koloko anamva chivundikiro chikutsetsereka. Mapazi sanawamve, ngakhale kuti pakampatapo pali miyala yolira munthu akaponda. Madzi anayamba kugwa pang'onopang'ono. Anamva wina akusamba m'manja, katatu. Akuchukucha m'kamwa, katatu. Kumaso, katatu. Uku sikunali kusamba kwa munthu wochoka mumgodi. Kunali kutawaza, mmene Msilamu amadziyeretsera asanaswali. Koma woswali akatawaza amaleka. Uyu sanaleke: anathira mbali yakumanja, anathira yakumanzere, n'kuyambiranso, ngati munthu amene akuyesa kudzisambitsa koma manja sakufika kumsana. Ndowa itatha, panamveka kupuma kwakutali kwa munthu wotopa.

Zaituni sanatsegule chitseko. Kutacha anapeza pansi pali pouma, popanda ngakhale matope.

Anawapeza mayi Grace akuyatsa mbaula, maso ali ofiira.

"Mwamva?" anafunsa Zaituni monong'ona.

"Masiku atatu tsopano sindikugona," anayankha mayi Grace osamuyang'ana. "Asisi, kwanu amasambitsa bwanji maliro?"

"Amayamba kumanja."

Makala ankathetheka.

Tsiku lomwelo Zaituni anakwera matakisi mpaka ku Tsakane. Pamalo omangapo anamuuza kuti Jimmy anagwa kuchoka pamwamba kalekale, ambulansi inamutenga, ndipo sanabwerenso. Iwo ankayesa anapita kwawo. Anathamangira kuchipatala chimene anamulozera. Pawindo panali mayi wamagalasi, waulemu wake ndithu.

"Ndikufuna mchimwene wanga, Ashraf Saidi."

Mayiyo anagogoda pakompyuta. "Dzina limeneli mulibe."

"Nanga Jimmy Sakala?"

Zala za mayiyo zinaima. Anayang'ana pakompyuta, n'kuyang'ana Zaituni. "Ndinu ndani wake?"

"Mlongo wake."

Mayiyo anapempha pasipoti ya Zaituni. Dzina lina, dziko lina. Anaibweza mwaulemu womwewo.

"Pepani. Za munthu amene analowa muno sitiuza wina aliyense koma wachibale wotsimikizika. Lamulo limateteza chinsinsi cha wodwala."

"Mungondiuza ngati ali moyo."

"Ngakhale zimenezo sindingathe."

Lamulolo ndi labwino, asakunamizeni munthu. Analiika kuti matenda anu asamakambidwe pamsika. Koma tsiku limenelo linateteza Ashraf kwa m'bale wake yekhayo m'dziko lonse la Joni.

Usiku umenewo kusamba kunayamba msanga, ndipo malata ankagwedera ngati wina wawatsamira. Zaituni analira chamumtima mpaka mbandakucha.

M'mawa mayi Grace anavala chitenje chakuda, natenga pasipoti yawo yolembedwa Grace Sakala. Pawindo lija anawalandira, n'kuwalowetsa m'kachipinda, n'kuwapatsa mpando. Zaituni anamulola kulowa ngati woperekeza, ndipo anaima pafupi ndi chitseko. Namwino wachikulire anatsegula failo, nagwira dzanja la mayi Grace.

"Pepani kwambiri, mayi. Mlongo wanu anatisiya."

Anafotokoza kuti mnyamatayo anakhala masiku anayi akuyankhula. Tsiku lililonse ankamufunsa ngati pali woti amuimbire foni, ndipo tsiku lililonse ankayankha chimodzimodzi. Namwinoyo anatembenuza pepala kuti aone. Pamzere wa wachibale panalembedwa kuti palibe.

"Anali mnyamata waulemu. Tinamuuza kuti zinthu sizili bwino, atchule ngakhale mnzake. Anangoti, ndine Jimmy, ndilibe munthu."

Thupi linadikira kumochale masabata angapo. Posowa wolitenga, boma linaliika m'manda a anthu opanda abale. Linali Lolemba lapitalo, ndipo madzi anayamba kusowa usiku wa tsiku lomwelo.

Mayi Grace analira, poti ankamukonda mwanayo. Zaituni sanathe ngakhale kulira, chifukwa m'chipindamo iye anali woperekeza chabe. Namwinoyo analemba nambala ya manda pakapepala n'kupatsa mayi Grace. Potuluka anafunsa pawindo paja ngati dzina lingasinthidwe. Anawauza kuti zimenezo ndi za apolisi ndi khoti, ndipo amene anapereka pepala ndi amene analilandira ayenera kukafotokoza. Jimmy weniweni ali ku Chipata, akulima fodya, osadziwa kuti m'makompyuta a ku Joni anamwalira.

Shehe wa kumzikiti anapita nawo kumandako, napemphera pa kachitsulo ka nambala. Koma mwanayo anali atapita wosasambitsidwa, wopanda sanda, osadziwika ngati nkhope yaloza kumene Asilamu amayang'ana poswali.

Madzulo Zaituni anatunga ndowa yodzaza, naika sopo watsopano ndi nsalu yoyera pambali pake. Sanalowe m'bulangeti. Anagwada n'kugunditsa chipumi pamalata. Nthawi itakwana chivundikiro chinatsetsereka, madzi n'kuyamba kugwa.

"Ashraf," anaitana. "Ashraf, mwana wa mayi anga. Ndine. Ndikhululukire."

Madzi analeka. Kenako, pafupi kwambiri, kuseri kwa lata lomwe anatsamiralo, kunamveka kunong'ona kwa mawu amene ankawadziwa chibadwire chake.

"Ndine Jimmy. Ndilibe munthu."

"Palibe wapolisi pano. Ndine mlongo wako. Tchula dzina lako."



"Munati aliyense, achemwali."

Madzi anayambanso kugwa, mbali yakumanja, kenako yakumanzere.

Mayi awo ku Ntaja amaimbabe foni Lachisanu lililonse kufunsa ngati Ashraf wapeza foni ina. Zaituni amayankha kuti sanapeze. Mayi Grace anasamukira ku Daveyton, ndipo m'nyumba yawo simukhalitsa munthu. Zaituni yekha sanasamuke. Madzulo aliwonse mudzamupeza pamzere wa pampopi ndi ndowa zake ziwiri, ndipo m'nyengo yozizira yakuseriyo amayamba waitenthetsa.