Chachiwiricho, Achimwene

Ndili ndi kashopu m'mbali mwa msewu pa Liwaladzi. Ndimatchaja mafoni, kuikira anthu nyimbo ndi kuwatsegulira Fesibuku. Ntchito yanga ndi imeneyo basi. Koma mukafunsa pamsika akuuzani kuti ndine wokhwima, ndipo sola ili padenga langa ndinaigula ndi mutu wa mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo anali Zaidi, msodzi. Analowa m'nyanja yekha usiku wa mphepo ya mwera, foni ili m'thumba, ndipo tinamupeza patatha masiku atatu. Sola ndinali nditaiitanitsa kale ku Dwangwa iye ali moyo, inangofika sabata ya maliro. Koma anthu akwathu akafuna kukudya safunsa tsiku. Anati ndine ndinamutuma panyanja usiku umenewo. Mkazi wake Sumaiya anasiya kundiyankha moni. Amayi okha ankandiyang'anabe kumaso, chifukwa shehe anawauza kuti wofera m'madzi ndi shahidi, salangidwa, amapita ku Janna. Mawu amenewo ndiwo ankawadzutsa m'mawa.

Ine ndinali ndi umboni. Madzulo a tsikulo ndinamulembera Zaidi pa Fesibuku kuti asayerekeze kulowa, mwera wavuta. Nditawaonetsa amalume pafoni yanga anapukusa mutu.

"Foni ndi yako, zala ndi zako," anatero. "Utibweretsere za mwini wake. Zonse. Usatsegule wekha, tidzatsegulira pamodzi tsiku la sadaka. Tikatha, tsamba lakelo ulitseke, womwalira asamangoonekera m'mafoni mwa anthu."

Ndinavomera mosangalala. Akaunti ya Zaidi ndinamutsegulira ndine, mawu achinsinsi ndinkawadziwa.

Usiku woti mawa lake ndi sadaka ya masiku makumi anayi, ndinatsala m'shopu kudikira bandulo ya intaneti ya usiku, imene imatchipa anthu akagona. Minibasi yomaliza inadutsa. Agalu anauwa pang'ono n'kusiya. Ndinakhoma chitseko chamalata, ndikuyatsa laputopu, ndikulowa m'akaunti ya malemu mpaka pamalo potsitsira zonse zimene munthu analembapo.

Pamenepo amakufunsa mtundu wa fayilo. Pali mawu awiri, lina pamwamba lina pansi. Loyamba ndi HTML, lachiwiri JSON. Ukasankha loyamba, zonse zimatuluka ngati tsamba, dzina apa, uthenga apa, ngakhale mwana wa sitandade folo awerenga. Ukasankha lachiwiri, zimatuluka zolembera makina, mawu ake obisala pakati pa timipanda ndi manambala ataliatali. Panalibe choganizira. Ndinkafuna kuti Sumaiya adziwerengere yekha mokweza pamaso pa onse.

Chala chili pa loyambalo, chitseko chinagogoda. Kawiri, mwaulesi.

"Tatseka," ndinatero.

Kenako ndinamva fungo. Fungo la matope a pansi pa nyanja, losakanikirana ndi mafuta a nyali. Pashopu panga nyanja siili pafupi, uyenera kudutsa minda ya chinangwa kaye. Nditayang'ana pansi ndinaona madzi akulowa kunsi kwa chitseko, pang'onopang'ono, akulondola mng'alu wa simenti. Mvula inali itasiya miyezi inayi yapitayo.

Munthu anatsokomola kunjako. Chifuwa chimenecho ndinagona nacho mphasa imodzi zaka khumi ndi zisanu.

"Achimwene."

Ndinayesa kutchula dzina la Allah, koma mawu sanatuluke.

"Achimwene, chachiwiricho."

Laputopu inali itafulatira chitseko. Pachitsekopo panalibe kabowo n'kamodzi komwe. Ndiponso Zaidi, ali moyo, sankatha ngakhale kusintha chithunzi chake popanda kundiitana.

"Zaidi," ndinatero, "m'manda ndinakutsitsa ndine. Ukufunanso chiyani kwa ine?"

"Chachiwiricho."

"Ukudziwa zimene akundinena? Akuti ndinakudya. Umboni wanga uli umu."

Ndinkangomva madzi akudontha kuchokera pa zovala, do, do, pakhonde. Chitseko chinapindika pang'ono ngati munthu watsamiritsa mutu.

"Ndapota nanu, achimwene. Sindinakupempheniko kanthu."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndi zimene zinandipweteka. Mwana ameneyu sankapempha. Nsapato ikang'ambika ankayenda chapansi osanena.

Madzi aja anandikhudza chala chaphazi. Anali ozizira ngati a m'bandakucha. Ndinasuntha dzanja, ndikusankha JSON, ndikudina. Musandifunse ngati unali mantha kapena chisoni, ine sindidziwa. Kunja kunamveka kupuma kwakukulu, kenako mapazi onyowa, tapa, tapa, kulowera njira ya kuchinangwa. Sindinatsegule mpaka kumzikiti ataitana adhana ya m'mawa. Fayilo inabwera dzuwa litatuluka, ndipo pakhonde panali pouma.

Masana, anthu atadya mpunga wa sadaka, amalume anatiitanira kuseri kwa nyumba. Panali iwo, amayi, Sumaiya ndi akuluakulu atatu. Ndinaika laputopu pampando ndikutsegula fayilo ya mauthenga imene inali pamwamba. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti palibe chovuta, mawu ali momwemo, ndiwasaka ndi kuwalozera ndi chala.

Pagalasi panadzaza timipanda topindika, timadontho, manambala opanda mutu. Amalume anavala magalasi, anawerama, anawavulanso.

"Izi ndi zilembo za anthu?"

"Ndi za makina, amalume. Dikirani ndikupezereni."

Sumaiya anafika sitandade eyiti, koma anangoyang'ana kamodzi n'kubwerera m'mbuyo. "Wazimanga," anatero. "Ndinkanena ine."

Ndinatsitsa tsambalo mofulumira. Maso anga anazolowera, amadumpha timipandato. Ndipo ndinaona kuti fayilo ndinatsegulayo sinali ya mauthenga a ine ndi iye. Wotumiza anali Zaidi, wolandira analinso Zaidi. Mng'ono wanga ankadzilembera yekha, miyezi ndi miyezi, usiku ali pabwato. Ankalemba kuti m'mutu mwake mwadzaza mdima. Kuti amaseka ndi anzake koma samva kanthu. Mzere womaliza unali waufupi.

Ndatopa. Mwera ndauona. Amayi asadziwe kuti ndapita dala.

Ndinauwerenga kawiri. 

Uthenga wanga womuletsa unali m'fayilo ina, pafupi pomwepo. Koma kuwaonetsa umenewo kunali kuwaphunzitsa kuti pakati pa timipandato pali mawu, ndipo Sumaiya akanafuna kuona onse. Amalume akanalamula kuti nditsitsenso mwa mtundu woyamba uja. Zonse zikanayalidwa poyera, zowerengeka bwinobwino, ndipo pofika madzulo mzikiti wonse ukanadziwa kuti Zaidi anadzipha, si shahidi.

Amayi anandigwira mkono.

"Mwanawe, mawu a mng'ono wako alimo? Tatiwerengera. Ine ndikukhulupirira."

Ndinawayang'ana. Anali ataonda, mpango utawakulira.

"Sizikuwerengeka, amayi," ndinatero. "Ndinalakwitsa posankha."

"Bwereza," anatero amalume.

"Sizitheka. Amalola kamodzi kokha."

Linali bodza, ndipo palibe amene akanaligwira. Ndinatseka akauntiyo pamaso pawo monga anandilamulira. Dzanja la amayi linachoka pamkono panga mwakachetechete.

Tsopano papita miyezi isanu ndi umodzi. Mafoni amene ndinkatchaja makumi atatu patsiku, lero akabwera asanu ndi a anthu apaulendo. Ana akamadutsa pashopu amathamanga. Mlonda wa pachigayo, Sailesi, wauza aliyense kuti usiku uja anaona munthu wonyowa ataima pachitseko changa, mutu uli pamalata, akulankhula nane. Sakunama. Ndiye pamsika nkhani inatha kale: Zaidi sanafe bwino, ndinamusandutsa ndondocha, amabwera usiku kudzandigwirira ntchito, ndipo zilembo zija ndi zimene ndinamumangira pakamwa.

Zimandiwawa, sindibisa. Masiku ena ndimamukwiyira mwana ameneyu mpaka kulephera kudya. Anasankha yekha ulendo wake, n'kubweranso kudzandisankhira wanga. Chikhalire sanabwerenso, ngakhale kudzanena zikomo.

Lachisanu lapitali ndinagula shuga ndi sopo ndikupita kwa amayi. Ndinawapeza ali pamkeka, akumaliza kupemphera swala. Ndinaima pakhomo kudikira. Ndinawamva akuthokoza kuti mwana wawo wamng'ono ali pabwino pamodzi ndi mashahidi, nkhope yawo ili yowala. Kenako anakweza manja n'kupempha kuti Allah amukhululukire wamkuluyo pa zimene anachita.

Ndinasiya shugayo pakhonde. M'mawa mwake ndinamupeza pakhomo la shopu yanga, wosatsegula.