Mfuti Yopanda Chimake ya Baryalai

Pakhomo pa a Gulzaman panali pamtendere. Ndikudziwa chifukwa malo anga ogulitsira tiyi anagundana ndi shopu yawo mumsika wa mumzinda wa Kohat, momwe ankasoka zimake zachikopa zosungiramo mfuti zing'onozing'ono. Anali munthu wa mzikiti, wosakweza mawu. Ana anali nawo awiri: Palwasha, amene ukwati wake unali pafupi, ndi mlongo wake Baryalai, mnyamata wamanja aluso koma wamtima wam'mwamba.

Aliyense wodzagula, a Gulzaman ankayamba ayeza mfuti yake, kenako n'kumusokera chimake cholimba chophimba kachitsulo kowombera. "Mfuti yopanda chimake ndi njoka m'buluku," ankatero. "Ikapanda kuluma mwini wake, iluma wapafupi."

"Baba, nanga ine mfuti yanga mundigulira liti?" anafunsa Baryalai tsiku lina.

"Tsiku limene udzasiye kuifunira kuti anthu azikuopa."

Kenako kunatulukira Zarak, woyendetsa lole, munthu wa pakamwa ngati lumo. Ankamwa tiyi kwa ine, maso ali pa mnyamatayo.

"Iwe, mwana wa wosoka zimake, m'chiuno muli mbee! Ngakhale mbuzi ili ndi nyanga."

"Baba akukana."

"Baba, Baba! Ukuyamwabe eti? Tiye ku Darra kumene amasula mfuti Lachinayi, ukaone amuna anzako."

Baryalai ndalama analibe. Koma m'bokosi la Palwasha munali zibangili zinayi zagolide zimene malemu amayi awo anamusiyira kuti adzavale pa ukwati. Lachinayi m'mawa zinatsala zitatu.

Ku Darra wosula mfuti anamuonetsa ziwiri. Ina inali yakuda, yolemera, yokhala ndi kachitsulo kotsekera kuti isalire mwangozi. Inayo inali yonyezimira, yojambulidwa maluwa, yongofuna kuikhudza pang'ono kuti ilire. Musafunse kuti anasankha iti.

"Nanga chimake?" anafunsa wosulayo.

Zarak anaseka chikhakhali. "Bambo ake ndiye amasoka zimenezo!"

Koma Baryalai akanawapempha bwanji? Bambowo akanafunsa kumene mfuti yachokera, ndipo chibangili chikanatulukira poyera. Chogula kwina nacho chimafuna lamba, ndipo diso la a Gulzaman silikanaphonya lamba pansi pa malaya. Choncho anangoisomeka pa chingwe chomangira buluku, malaya aatali n'kuphimba. Chipolopolo chinali m'kati, pakuti Zarak anati mfuti yopanda chipolopolo ndi supuni.

Kuyambira pamenepo ankayenda dzanja lili pamimba. Ine ndinaona, ndinadziwa. Kodi ndinawauza bambo ake? Ayi ndithu. Ndinangomuseka kuti, "Watsegula m'mimba kodi?" Lilime langali ndimalida mpaka lero.

Palwasha anazindikira kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike.

"Achimwene, chibangili cha amayi chili kuti?"

"Ndibweza."

"Sindinena kwa Baba. Chibangili chipite, palibe kanthu. Koma chinthu chili m'chiunocho mukachitaye, chikundiopsa."

"Za amuna zisiye. Pa ukwati wako ndidzaomba m'mwamba katatu, a kwa mwamuna wako adziwe kuti uli ndi mlongo."

Tsiku la ukwati linafika, dzuwa lili paliwombo, ng'oma zikulira pabwalo. Kwathu kuno mkwatibwi asanatuluke pakhomo pa bambo ake, mlongo wake amamumanga nsalu yobiriwira m'chiuno pomutsanzika. Palwasha anaima pakhomo atavala zofiira, zibangili zitatu pamkono. Baryalai anali atavina mpaka thukuta kamukamu, chingwe cha buluku chitakhwepa.

Anawerama kuti amange nsalu ija. Mfuti inatsetsereka kulowa m'buluku. Poopa kuti igwa pamaso pa bambo ake, anaigwira mwaphuma ili m'buluku momwemo. Chala chinalowa pamene chimake chikanaphimba.

Phuu!

Akunja anakuwa mokondwa, kuyesa kuti kuomba kwa chisangalalo kwayamba. Ena anayankha ndi mfuti zawo. Ng'oma zinkalirabe pamene Palwasha ankagwera m'manja mwa mlongo wake. Galimoto imene inakongoletsedwa ndi maluwa kuti ikamutule kwa mwamuna ndiyo inathamangira naye kuchipatala. Sanafike wamoyo. Zarak sitinamuonenso.

Ndinaperekeza a Gulzaman kukamuona mnyamatayo kundende. Sanamukalipire. Anangomuyang'ana n'kunena kuti:

"Mwana wanga, ukanangondiuza. Ndikanakumenya, inde. Koma tsiku lomwelo ndikanakusokera chimake. Ndasokera Kohat yense, ndalephera nyumba yanga yokha."

Shopu ija anaitseka, ndipo singano sanaigwirenso.

Ana inu, mverani. Tchimo loyamba ndi limene limakutsekani pakamwa kuti musapemphe thandizo pa lachiwiri. Baryalai anaba chibangili chimodzi, ndipo poopa kuulula, anaika m'manda mwini wa zitatu zotsalazo. Mukalakwa, kaululeni kwa makolo lero lomwe, chimene mwabisacho chisanalume wapafupi.